Tafunsani Tikuyankheni: Akatswiri Aganyu, Wailesi, Sukulu ndi Ndalama za Akufunakwabwino

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza anthu aja amabwera ndi laputopu ndi mapepala akuluakulu omata pakhoma, n'kukhala sabata ziwiri, n'kusiya lipoti. M'maofesi amawatchula kuti ma consultant. Ife pano tiziti akatswiri aganyu, poti ndi ganyu ndithu, kungoti ya malipiro onona. Makalata ena tawafupikitsa.

Ndine wapampando wa bodi ya kabungwe kolimbikitsa atsikana kukhala pasukulu. Otithandiza akuti pa ndalama zomwe atipatsa, gawo lina tilembere katswiri woti ayeze ntchito yathu. Ife ntchitoyi taigwira zaka zisanu ndi ziwiri popanda katswiri. Adzatiuza chiyani chachilendo, ndipo timulemba bwanji kuti asangotidyera ndalama? (Wapampando, Mchinji)

A wapampando, midzi yanu mukuidziwa kuposa katswiri aliyense amene angabwere, ndipo musalole kuti wina akuiwalitseni zimenezo. Chomwe mukugula kwa iye ndi luso lowerengera komanso maso a mlendo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Inu mukudziwa kuti atsikana akusiya sukulu, koma mwina simunganene kuti mwa omwe analowa Sitandade 5 zaka zitatu zapitazo ndi angati afika Sitandade 8, ndipo osiyawo anasiya mwezi uti. Otithandiza amafuna nambala zimenezo, ndipo inunso zingakutsegulani maso.

Ntchito imaonongeka kapena kukoma pa chikalata choyamba, chija amati TOR, chofotokoza zomwe mukufuna. Chisapitirire masamba atatu, ndipo chikhale ndi funso limodzi kapena awiri omveka. Mukalemba kuti "aunike mavuto a atsikana m'boma la Mchinji", mudzalandira masamba 80 a zinthu zomwe ngakhale mwana wa Fomu 2 amazidziwa: umphawi, maukwati a ana, mtunda wautali. Lembani kuti aunike sukulu zakutizakuti khumi, awerenge kaundula wa zaka zitatu, apeze atsikana omwe anasiya ndi kucheza nawo pamodzi ndi makolo awo. Muwerengenso masiku. Pa ntchito yotere, masiku 25 ndi okwanira: atatu owerenga zikalata zanu, awiri okonza mafunso ndi kuwayesa, khumi a kumudzi, asanu osanthula zomwe wapeza, atatu olemba, awiri obwera kudzakufotokozerani ndi kukonza zolakwika. Wina akapempha masiku 60, afotokoze kuti tsiku lililonse azichita chiyani.

Ofuna ntchitoyo akhale osachepera atatu. Aliyense apereke njira yomwe adzagwirire ntchito payokha, mtengo pawokha, ndipo muyambe mwawerenga njira musanaone mtengo, chifukwa diso likangoona nambala yotsika mutu umasiya kuganiza. Pemphani lipoti limodzi lomwe analembapo kale, ndipo muimbire foni omwe anamulemba. Funso lofunika koposa ndi ili: kodi kumudzi adzapita ndani? Chinyengo chofala n'chakuti ntchito imapezedwa ndi mapepala a dokotala wa maphunziro, koma m'galimoto mumatsika anyamata awiri omwe angomaliza kumene koleji, mwiniwake ali pa ganyu ina ku Lilongwe. Anyamatawo akhoza kukhala akhama, koma si omwe munawalipira. Dzina la wopita kumudzi lilembedwe m'pangano.

Ndalama musapereke zonse kumayambiriro. Ambiri amagawa patatu: 20 kapena 30 peresenti akabweretsa lipoti loyamba losonyeza mafunso ndi ndondomeko ya ulendo, gawo lachiwiri akapereka lipoti loti muunike, lotsala mukalivomereza. Mafuta ndi malo ogona azilipiridwa ndi malisiti, osasakaniza ndi malipiro ake. Akhale ndi TPIN, nambala yake yolipirira msonkho, ndipo msonkho womwe lamulo limati mudule muudule n'kuupereka ku MRA. Mukaiwala, ngongoleyo imagwera bungwe lanu. Gwirizananinso za mtundu wa ndalama yomwe mukulipirira, kaya ndi kwacha kaya dola. Paja kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Pali zina zomwe mabungwe ang'onoang'ono amaiwala. Mafomu odzazidwa, mawu ojambulidwa ndi nambala zonse ndi katundu wanu, abweze. Kucheza ndi ana kumafuna chilolezo cha makolo, ndipo kafukufuku wokhudza anthu amayenera kudutsa ku komiti yoona za kafukufuku pansi pa National Commission for Science and Technology. Ku khonsolo nako, ofesi ya maphunziro idziwe. Nthawi yowerengera nayonso njofunika. Mukawerenga ana mu Febuluwale, njala itafika pachimake, mitsinje itadzaza, kenako n'kudzawerenganso mu Juni anthu atakolola, mudzaoneka ngati mwachita zozizwitsa pomwe ndi nyengo chabe. Yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo.

Lipoti likabwera, liwerengeni ndi pensulo m'manja. Mukapeza pena palembedwa dzina la boma lina, monga Machinga m'malo mwa Mchinji, dziwani kuti mwagulitsidwa kaunjika.

Musaganize kuti izi zimagwera osauka okha. Mu 2010 Mark Zuckerberg, mwini Facebook, analonjeza madola 100 miliyoni okonzera sukulu za mumzinda wa Newark ku America, ena n'kuwonjezerapo ndalama zofanana nazo. Madola oposa 20 miliyoni anapita kwa akatswiri aganyu, ena akulandira madola 1,000 patsiku, pamene makolo ndi aphunzitsi ambiri a mumzindawo nkhaniyi anaimvera pa kanema ngati wina aliyense. Mkangano womwe unabuka unadya zaka.

Ndimakonza mapulogalamu pa wailesi ya m'dera. Bungwe lina latipatsa ntchito ya sewero lolimbikitsa amayi kupita ndi ana kuchipatala msanga akatentha thupi. Katswiri wawo watitumizira uthenga 12 woti ulowe m'sewero. Tikauika wonse, seweroli likumveka ngati ulaliki. Titani? (Mkonzi wa mapulogalamu, Nkhotakota)

Khutu lanu silikukunamizani. Uthenga 12 m'sewero la mphindi 30 ndi chikalata cha ku ofesi chovekedwa chitenje. Gawo limodzi linyamule uthenga umodzi, ndipo uthengawo uoneke m'zochitika, usamachite kutchulidwa.

Luso limeneli lili ndi mbiri yake. Miguel Sabido wa ku Mexico, m'zaka za m'ma 1970, anakonza masewero a pa kanema olimbikitsa sukulu za kwacha ndi kulera, ndipo njira yake ndi yomwe ambiri amatsatira mpaka lero. M'sewero mumakhala anthu a mitundu itatu. Pali wochita bwino, pali wochita zoipa amene zake zimamuthera moipa, ndiye pali wapakati, wokayikakayika, wofanana ndi womvera wanu. Seweroli ndi la wapakatiyu. Ndi mayi amene mwana wake watentha thupi usiku, apongozi akuti ndi mano akumera, bambo atenga njinga kupita kunyanja, ndalama ya kabaza palibe. Womvera akufuna kuona momwe mayiyu atulukire m'vutoli: akagogoda kwa ndani, apongozi awayankha mawu ati osawanyoza. Akangodzuka m'mawa n'kuyamba kulankhula ngati namwino, mwamutaya. Kumapeto kwa gawo, kwa mphindi imodzi kapena kucheperapo, munthu wodalirika anene poyera kuti thandizo likupezeka kuti, tsiku liti.

Umboni woti zimagwira ulipo, koma uli ndi malire. Ku Tanzania sewero la pa wailesi la Twende na Wakati linayamba mu 1993, ndipo kwa zaka ziwiri zoyambirira dera la Dodoma silinkaulutsiridwa dala, kuti ofufuza athe kuyerekeza. M'madera omwe ankamvera, anthu obwera kudzatenga njira zolerera anachuluka kuposa ku Dodoma. Ku Burkina Faso, pakati pa 2012 ndi 2015, bungwe la Development Media International linaulutsa timauthenga ta mphindi imodzi pafupifupi kakhumi patsiku pa wailesi zisanu ndi ziwiri, madera ena asanu ndi awiri n'kusiyidwa. Ana obwera kuchipatala ndi malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba anachuluka, koma kafukufuku wa m'makomo sanapeze kusiyana kooneka pa imfa za ana pakati pa mbali ziwirizo. Wailesi imamufikitsa mayi pakhomo la chipatala. Zotsalazo zili ndi omwe ali mkatimo. N'chifukwa chake musanaulutse, kafunseni ku ofesi ya zaumoyo ngati zipatala za m'dera lanu zili ndi zoyezera malungo ndi mankhwala a LA. Mayi amene wayenda makilomita khumi chifukwa cha sewero lanu n'kubwezedwa chimanjamanja sadzakukhulupiriraninso.

Kuno kwathu ntchito yotere si yachilendo. A bungwe la Story Workshop anayamba kuchita zimenezi ndi sewero la Zimachitika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo asanabwere iwo, gulu la zisudzo la ku Chancellor College linkazungulira m'midzi m'zaka za m'ma 1980, kupanga masewero pamodzi ndi eni mudzi.

Musanalembe mzere uliwonse, khalani masiku atatu kapena anayi pamjigo, kuchigayo, pasikelo ya ana, mukulemba mawu enieni omwe amayi amanena pa za kutentha thupi. Mukajambula gawo loyamba, liyeseni pa magulu a anthu asanu ndi atatu kapena khumi, amayi paokha, abambo paokha, agogo paokha, chifukwa mkamwini sangatsutse apongozi pagulu. Musawafunse ngati lawasangalatsa. Mmalawi aliyense waulemu adzati eya. Afunseni kuti afotokoze zomwe zachitika, ndi kuti ndani mwa anthu a m'seweromo amene angakonde kukhala naye pafupi. Apa m'pomwe mungatulukire ngozi yaikulu ya masewerowa: woipa uja, poti ndiye woseketsa, amasanduka wokondedwa, anyamata n'kumatengera mawu ake. Zikatero, muchepetseni nthabwala ndipo mavuto ake ayambe kuoneka msanga.

Katswiriyo muuzeni mwaulemu kuti asankhe mauthenga atatu ofunika koposa, enawo adikire. Akakhala wodziwa ntchito adzavomera. Mumupemphenso kuti chipambano chisayezedwe ndi chiwerengero cha omwe wailesi yanu imawafikira, koma ndi kaundula wa kuchipatala, miyezi isanu ndi umodzi musanayambe ndi isanu ndi umodzi mutayamba, poyerekeza ndi miyezi yomweyo chaka chatha.

Munthu wina wakufunakwabwino akufuna kugulira sukulu yathu matabuleti 40. Ine ndikuona kuti ana ambiri a Sitandade 4 satha kuwerenga. Ndivomere? (Mphunzitsi wamkulu, Ntchisi)

Aphunzitsi, musakane, koma musavomerenso lero. Dziko la Peru linagula malaputopu ambirimbiri a ana a sukulu pansi pa ntchito ya One Laptop per Child. Ofufuza a Inter-American Development Bank atayeza sukulu za kumidzi zoposa 300 patatha miyezi 15, anapeza kuti ana aphunzira kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa masamu ndi kuwerenga sanapose anzawo. Kumadzulo kwa Kenya, m'zaka za m'ma 1990, kugawa mabuku kunathandiza ana okhawo omwe anali kale patsogolo, chifukwa mabukuwo anali a Chingerezi chomwe ambiri sankachimva. Chida chimathandiza mwana chikamupeza pamene iye ali.

Yambani ndi chinthu chosafuna ndalama. Yesani mwana aliyense payekha, mphindi zisanu: malembo, maphatikizo, mawu, kandime, kankhani. Lembani pomwe wakakamira. Kenako, kwa ola limodzi patsiku, agaweni ana a Sitandade 3 mpaka 5 malinga ndi pomwe afika, osati kalasi yawo, ndipo muwayesenso pakutha pa teremu, okwera akwere gulu. Njirayi anaiyambitsa a bungwe la Pratham ku India, ndipo anzathu a ku Zambia anaitenga mu 2016 pa dzina loti Catch Up, kuyambira m'sukulu 80, zina mwa izo za m'chigawo cha kum'mawa komwe ana amaphunzira m'Chinyanja. Chovuta chake si maphunzirowo ayi, koma kusunga ola lija. Kukangobwera maliro, masewero kapena alendo, ola loyamba kudyedwa ndi limenelo.

Mukakhala ndi nambalazo, khalani pansi ndi wokuthandizaniyo. Ngati matabuleti abwerabe, funsani kuti muli chiyani. Mapulogalamu a Chichewa ophunzitsa kuwerenga ndi masamu alipo, monga a bungwe la onebillion omwe akhala akugwiritsidwa ntchito m'sukulu zathu. Pa ndalamazo pakhale za sola, batire, kabati ya chitsulo yokhoma ndi zomvetsera za m'makutu zapadera, poti zimenezi ndiye zimayamba kuduka. Adziwike wokonza chikaonongeka, ndipo PEA wanu, mlangizi wa sukulu za pulayimale za m'dera lanu, ndi komiti ya sukulu akhalepo pokambirana. Matabuleti 40 pa ana mazana angapo amafuna ndandanda yolembedwa pakhoma. Popanda iyo amathera mu ofesi mwanu, inu n'kumaopa kuwatulutsa kuti angabedwe.

Ndife gulu la ochokera mudzi umodzi, tikugwira ntchito ku Johannesburg. Tasonkha ndalama. Ena akuti tikumbe mjigo, ena akuti tilipirire atsikana fizi. Wina watilonjeza mpope wamakono woti sunaonekepo kwathu. (Mlembi wa gulu, Johannesburg)

Mpope woti sunaonekepo kwanu ndiye woyamba kuukana. Komwe muliko n'komwe kunachokera PlayPump, mpope wooneka ngati katungwe wozungulira: ana akamasewera, madzi akukwera m'thanki. Unalandira mphoto ya World Bank mu 2000, ndipo mu 2006 boma la America ndi mabungwe ena analonjeza madola 16.4 miliyoni. Unafika ku Mozambique, Zambia ndi Malawi, pena n'kuchotsa mijigo yomwe inkagwira bwino. Chikomekome cha mkuyu. Ana ankatopa msanga chifukwa katungweyo ndi wolemera, amayi n'kumachita kuukankha okha. Umodzi unkadya madola pafupifupi 14,000, ndipo ukaonongeka eni mudzi sakanatha kuukonza. Nyuzipepala ya The Guardian inawerengera mu 2009 kuti ana akanayenera kusewera maola 27 patsiku kuti madzi akwanire anthu omwe ankanenedwa. Pofika 2010 bungwe lomwe linkausonkhera ndalama linatseka.

Mjigo wathu wa Afridev ulibe chikoka pa chithunzi, koma zipangizo zake zimapezeka m'magolosale a pa boma, ndipo amakaniko a m'dera amaudziwa. Mjigo umodzi umawerengeredwa anthu pafupifupi 250. Yambirani ku ofesi ya zamadzi ya pa boma ndi kwa a VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Malo ayezedwe ndi odziwa, atalikirane ndi zimbudzi ndi makola mamita osachepera 30, ndipo asakhale pakhomo pa munthu, ngakhale amfumu. Kumbani m'chilimwe, cha mu Seputembala mpaka Novembala, madzi ali pansi kwambiri. Wokumbidwa m'dzinja umanyenga, umadzauma mu Okutobala. M'pangano ndi okumba mulembe kuya kwake, zomwe zidzachitike akapanda kupeza madzi, kupopa koyesa kwa maola angapo, ndi kuyeza madziwo ku labotale. Ngati kwanu ndi kuchigwa cha Shire, samalani kwambiri za madzi a mchere. Gawo lomaliza la malipiro lidikire miyezi ingapo mjigo ukugwira. Komiti ya mjigo iphunzitsidwe, ipatsidwe sipanala ndi timphira tapadera, ndipo banja lililonse lizisonkha kangachepe pamwezi. Mijigo yambiri yomwe mumaiona itamera udzu inafa chifukwa cha kamphira kotchipa komwe panalibe wogula.

Za fizi, pali phunziro la ku Zomba. Mu 2008 ndi 2009 ofufuza anapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22, dola imodzi mpaka asanu kwa mtsikana, madola anayi mpaka khumi kwa makolo. Ena ankalandira pokhapokha akapezeka m'kalasi masiku 80 pa 100 aliwonse, ena ankangolandira. Lamulo la kupezeka m'kalasi linathandiza kwambiri kuti atsikana asasiye sukulu, koma ndalama zopanda lamulo ndi zomwe zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, chifukwa mtsikana wosiya sukulu ankalandirabe, osathamangira banja. Patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya, zambiri mwa zabwinozo zinali zitazilala. Choncho mukasankha fizi, tengani atsikana ochepa omwe mungawafikitse Fomu 4, kusiyana ndi ambiri kwa chaka chimodzi. Werengerani yunifolomu, sopo ndi zofunika pa nthawi ya kumwezi. Fizi muzilipira ku akaunti ya sukulu, lisiti lijambulidwe litumizidwe pa gulu lanu la WhatsApp, ndipo osankha atsikanawo asakhale achibale a aliyense wa inu.

Anthu akukana kubwera kumisonkhano yathu ngati palibe alawansi. (Wogwira ntchito m'midzi, Balaka)

Anawazoloweretsa ndi mabungwe omwe, ndiye musawaone ngati adyera. Munthu amene mwamuchotsa kumunda tsiku lonse, mubwezereni ya thiransipoti ndipo adye. Koma msonkhano wa maola awiri pansi pa mtengo m'mudzi mwake sufuna envulopu. Pitani komwe anthu amakumana kale: kubanki m'khonde, kusikelo, kumpingo, kugulu la amayi a pasukulu, ndipo mupemphe mphindi 20. Pewani miyezi yobzala ndi kupalira. Akakanabe, mwina nkhani yomwe mwabwera nayo ndi yanu, si yawo.

Ndangomaliza digiri. Ndingayambe bwanji ntchito ya ukatswiri waganyu? (Mtsikana, Zomba)

Achemwali, nthawi ndi yovuta. Chitsekereni USAID, bungwe la thandizo la boma la America, mu 2025 ganyu zachepa ndipo akuluakulu omwe anali pa ntchito zokhazikika alowa mumsika womwewo. Khomo lolowera ndi ntchito yofunsa mafunso m'midzi. Igwireni mosanyinyirika, kenako pemphani kuyang'anira gulu, kenako kusanthula nambala. Phunzirani KoboToolbox, pulogalamu yaulere yodzazira mafomu a mafunso pa foni, ndi Excel mpaka muzitha kupeza fomu yomwe wina wadzaza atakhala pansi pa mtengo wa mango osafunsa munthu. Imadziwika ndi nthawi yake, mafunso a mphindi 40 atatha mu mphindi zisanu ndi imodzi. Sankhani gawo limodzi, kaya maphunziro, kaya zamadzi, kaya wailesi, osati zonse. Luso losowa kwambiri ndi lomasulira mafunso m'Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka chomwe agogo angachimve osafunsa kawiri, ndi kulemba zomwe anena osazikometsa. Tsegulani TPIN, sungani kope la pangano lililonse, ndipo ntchito ikatha pemphani kalata ya umboni sabata yomweyo, amene anakulembaniyo asanasamuke.